Nkhonya ya Pachibwano

Mlengi, pofuna kusunga ubongo wa munthu, umene ndi wofewa ngati papaya wakupsa ndipo kulemera kwake kungopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, anauika m'chibade cholimba, nauzinga ndi madzi kuti uziyandama osakhula fupa. Koma chibade chimenechi, chingakhale chitchinjiriza ku zambiri, sichingaletse ubongo kugwedezeka m'kati mwake pamene mutu watembenuzidwa modzidzimutsa.

M'chaka cha 1943, katswiri wina wa ku Oxford, dzina lake Holbourn, atayesa ndi ubongo woumba wa gelatin, anaonetsa kuti choopsa koposa ndicho kupotokoka kwa mutu. Pakuti chibade chikazungulira mwaliwiro, ubongo umatsalira m'mbuyo, ndipo timitsempha tonyamula mauthenga, tosaoneka n'komwe ndi maso, timakokeka ndi kuleka ntchito. N'chifukwa chake akatswiri a nkhonya amalonda chibwano, podziwa kuti nkhonya ikatera pamenepo mutu wonse umatembenuka, pamene yapamphumi, ingakhale yamphamvu, kawirikawiri imangosiya chotupa. Pansi pa ubongo, polumikizana ndi msana, pali tsinde limene limatisunga tili maso, monga anasonyezera akatswiri awiri, Moruzzi ndi Magoun, mu 1949; tsindelo likasokonezeka, mawondo amalobodoka, munthu nagwa chagada osadziwa kanthu, ndipo akatsitsimuka amafunsa kuti, “Kodi chachitika n'chiyani?”

Apa ndi pamene ambiri timanyengeka, poyesa kuti wadzukayo wachira, timamthira madzi kumaso ndi kumuuza kuti alimbe mtima. Mu March 2009, Natasha Richardson, mayi wotchuka pa zisudzo, anagwa akusewera pa chipale ku Mont Tremblant, m'dziko la Canada; anadzuka, nalankhula bwinobwino, nakana kuonedwa ndi achipatala; koma mtsempha unali utang'ambika pansi pa chibade, magazi nayamba kuunjikana ndi kupanikiza ubongo, kotero kuti patapita masiku awiri anatsikira kulichete.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Munthu wogunda mutu, akhale anakomoka kapena ayi, akayamba kusanza, kuwodzera kosadzutsika, kulankhula zosokonekera, kumva mutu ukunka nuwawirawawira, kapena mboni ya diso limodzi ikakula kuposa inzake, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, kumene madokotala angathe kutsegula chibade ndi kuchotsa magaziwo ubongo usanaphwanyike.