Aja Ovala Makhoti Oyera ku UTH Ndani, Nanga Afufuza Ciani?

Aliyense amene anagonekapo wodwala ku UTH adziwa zimene zicitika m'mawa. Gulu la anthu ovala makhoti oyera lilowa mu wodi, wamkulu patsogolo, acinyamata kumbuyo ndi tumabuku m'manja. Aimilira pa bedi, akambitsana m'cizungu covuta, kenaka apita pa bedi ina. Mu basi yobwelera ku Kanyama kapena ku George mudzamva wina ati, "Aja ni bana ba sukulu cabe, baphunzilira pa ife." Mau awa ali ndi coonadi pang'ono, koma nkhani siithera pamenepo.

UTH ndi cipatala cophunzitsira. Sukulu ya udokota ya UNZA, imene inayamba mu 1966, ili pafupi pomwepo ku Ridgeway. Wa patsogolo uja ndi consultant, katswiri wa mbali imodzi ya matenda, ndipo ambiri a iwo aphunzitsanso ku yunivesite. Omutsatira ndi ma registrar. Awa si ana a sukulu iyai. Ndi madokota okwana amene anagwirapo kale nchito, manje abwelera kudzaphunzira ukatswiri, maphunziro a MMed amene atenga zaka 4. Kumbuyo kwenikweni ndiye kuli ana a sukulu, ndipo iwo saloledwa kulemba mankhwala paokha.

Ukatswiri uli mbali zambiri. Kuli a ana, a azimai apakati, a opaleshoni, a mafupa, a maso, ndi a matenda a mkati monga shuga, BP, mtima ndi impso. A matenda a maganizo ambiri ali ku Chainama. Mu 2017 boma linagawa UTH kukhala zipatala zisanu: ca akulu, ca ana, ca azimai ndi makanda, ca maso ndi ca khansa. Ndiye cifukwa cake kalata ya referral njofunika, imakufikitsani kwa katswiri woyenera. Komanso makiliniki a Matero, Kanyama ndi Chawama anakulitsidwa kukhala zipatala mothandizidwa ndi dziko la Japan, so si vuto lililonse lifuna ndalama ya mabasi awiri kupita ku UTH.

Nchito ina imene ambiri sitiiona ndi kafukufuku. Registrar aliyense afunika kucita kafukufuku wake asanatsirize, ndipo aphunzitsi ake ali ndi mafunso amene ausakila mayankho kwa zaka. Mwina mufunsa kuti, nanga ise ba mu komboni tipezapo ciani?

Tengani Septrin. Pakati pa 2001 ndi 2003, Professor Chifumbe Chintu, katswiri wa matenda a ana, ndi anzake anayesa mankhwala ochipa awa pa ana 534 amene anali ndi HIV ku UTH. Nthawi ija ma ARV anali asanafike kwa anthu wamba, ndipo ana ambiri anali kufa ndi cifuwa. Anapeza kuti kumwa Septrin tsiku ndi tsiku kunacepetsa imfa ndi 43 peresenti. Kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi isanakwane kuti ana onse apatsidwe mankhwala. Zotulukapo zinasindikizidwa mu 2004, ndipo bungwe la WHO linasintha malangizo ake. Ana a m'maiko ambiri anapulumuka cifukwa ca makolo a mu Lusaka amene anavomera.

Khansa ya khomo la cibelekero nayo ndi citsanzo. Mu 2006 Professor Groesbeck Parham ndi Dr Mulindi Mwanahamuntu ndi anzao anayambitsa nchito yopima azimai m'makiliniki a boma mu Lusaka. Nesi apaka viniga pa khomo la cibelekero. Ngati pali malo oyamba kudwala, ayera, ndipo kambiri acilitsidwa tsiku lomwelo khansa isanayambe. Mzimai wa ku Mtendere kapena Kalingalinga safunika kuyembekeza mpaka matenda akule.

Ku Misisi, pafupi ndi Chawama, Dr Beatrice Amadi ndi Professor Paul Kelly akhala akufufuza funso limene livutitsa amai ambiri: mwana akudya, nanga bwanji sakula? Kafukufuku wao aonetsa kuti tizilombo ta m'madzi ndi m'malo auve tiononga matumbo a mwana mwakacetecete, cakudya nkumangopitilira osagwira m'thupi. Ndiye kuti nkhani ya zimbudzi, ngalande ndi madzi akumwa ndi nkhaninso ya kakulidwe ka mwana.

Mantha nao alipo, sitingabise. Anthu akaona otenga magazi ndi mafomu, mphekesera za usatana ziyamba. Apa mpofunika kudziwa ufulu wanu. Dziko lathu lili ndi lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la mu 2013, ndipo kafukufuku aliyense afunika kuvomelezedwa ndi komiti yoona kuti anthu sakuponderezedwa asanayambe. Musasaine pepala limene simunamve. Auzeni akufotokozeleni m'Cinyanja kapena cilankhulo ciliconse cimene mumva bwino. Funsani kuti magazi apita kuti, adzapimamo ciani, ndipo mukadwala cifukwa ca mankhwala oyesedwa adzakuthandizani ndani. Mukakana, kapena mukafuna kuleka pakati, palibe amene afunika kukumanani cithandizo.

Mu wodi namo ndi cimodzimodzi. Muli ndi ufulu wofunsa dzina la dokota amene akuyang'anira wodwala wanu ndi udindo wake. Ngati simufuna ana a sukulu akupimeni, kambani mwaulemu. Koma kumbukilaninso kuti dokota amene adzapulumutsa mdzukulu wanu ku Matero zaka zikubwerazi afunika kuphunzira pa bedi ya munthu, cifukwa udokota suphunziridwa m'buku cabe.