Eni ake a sitima ya malasha ya ku Talyllyn ndi ndani?

Sitima ikaima pa siteshoni ya Tywyn Wharf, m'mbali mwa nyanja ku Wales, okwera onse amalowera mbali imodzi, chifukwa mbali inayo zitseko za mabogi sizitseguka. Nkhaniyi inayamba mu 1866, pomwe boma la Britain linatuma Captain Henry Tyler kukayendera njanji ya Talyllyn isanaloledwe kunyamula anthu. Tyler anapeza kuti kunsi kwa milatho mpata unali wochepa, moti wosuzumira pazenera akanawombetsa mutu kukhoma. Kugumula milatho kukanadya ndalama zambiri, ndiye eni njanji anangoisendezera mbali imodzi n'kukhomerera zitseko za mbali yoyandikira khoma. Boma linavomera, ndipo mu December chaka chomwecho anthu anayamba kukwera. Mabogi a nthawi imeneyo akuyendabe mpaka lero, ndipo boma silinasiye kuyendera njanjiyi, ngakhale kuti ambiri mwa oiyendetsa tsopano ndi anthu osalandira malipiro.

Njanji ya Talyllyn ndi yaifupi, makilomita pafupifupi 12 kuchoka ku Tywyn kufika ku Nant Gwernol, komanso ndi yopapatiza. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ziwiri ndi mamilimita 686, pomwe njanji za ku Malawi ndi ku Zambia zili ndi mamilimita 1,067. Chomwe inatchuka nacho n'chakuti ndi yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka.

Sinamangidwire alendo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itasokoneza malonda a thonje, William McConnel, mmodzi wa eni mafakitale a nsalu ku Manchester, anafuna kwina kolowetsa chuma chake. Anagula mgodi wa Bryn Eglwys, kumtunda kwa mudzi wa Abergynolwyn, komwe ankakumba miyala ya sileti yofolera nyumba. Miyalayo inkafunika njira yotsikira kunyanja, ndipo Nyumba ya Malamulo inapereka chilolezo chomanga njanji mu 1865. Kampani ya Fletcher, Jennings ya ku Whitehaven inapanga mitu iwiri ya sitima, Talyllyn mu 1864 ndi Dolgoch mu 1866. Mgodiwo sunabweze phindu lomwe ankayembekezera. Mu 1911 njanji inagulidwa ndi Henry Haydn Jones, phungu wa dera la Merioneth, yemwe cholinga chake chachikulu chinali chakuti anthu a ku Abergynolwyn asachotsedwe ntchito. Ndalama zokonzera zinthu panalibe, ndipo kwa zaka zoposa 80 njanjiyi inakhalira mitu iwiri yomwe ija. Kumapeto kwa 1946 mbali ina ya mgodi inagumukira mkati, ntchito n'kuthera pomwepo. Boma litatenga njanji za m'dzikomo kukhala zake mu 1948, iyi linaisiya. Haydn Jones analonjeza kuti sitima iziyendabe iye ali moyo, ndipo anasunga lonjezolo mpaka tsiku la imfa yake, pa 2 July 1950.

Nthawi imeneyo njanji yotha ntchito inkagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, basi. Tom Rolt, mlembi wa mabuku yemwenso anaphunzira zaumisiri wa makina, anaganiza zina. Iye ndi anzake anaitanitsa msonkhano pa 11 October 1950 ku Imperial Hotel mumzinda wa Birmingham, ndipo kumeneko kunabadwa bungwe la Talyllyn Railway Preservation Society. Sitima yoyamba ya bungweli inanyamuka pa 14 May 1951 n'kukafika pa Rhydyronen pokha.

Koma pakati pa October ndi May panachitika chinthu chomwe ambiri ofotokoza mbiriyi amachidumpha, chikhalirecho ndicho msana wa zonse. Kampani ya njanjiyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, choncho kuithetsa kapena kuisintha kukanafuna lamulo lina, lomwe gulu la anthu osonkherana silikanakwanitsa kulipirira. Anasankha kuisiya kampaniyo momwe inalili, n'kungosamutsa masheya ake. Mayi wamasiye wa Haydn Jones anavomera kuti masheya onse apite ku kampani yatsopano, Talyllyn Holdings, yomwe akuluakulu ake anali awiri oimira chuma cha malemuyo ndi awiri oimira bungwe. Izi zinatheka pa 8 February 1951.

Kuyambira pamenepo njanjiyi yaima pa mabungwe atatu. Talyllyn Railway Company, ya mu 1865 ija, ndiyo ili ndi chilolezo choyendetsa sitima, ndiyo imalemba anthu ntchito, ndipo pakachitika ngozi ndiyo imayankha kuboma. Talyllyn Holdings imasunga masheya, kuti pasapezeke munthu mmodzi wodzuka m'mawa n'kugulitsa njanji. Bungwe la mamembala ndilo limabweretsa anthu ogwira ntchito ndi ndalama. Aliyense akhoza kulowa polipira chopereka cha pachaka, kaya amakhala ku Tywyn kaya kutsidya kwa nyanja. Mamembala amakumana pamsonkhano waukulu wa pachaka, amamva malipoti a zachuma, amasankha khonsolo, ndipo kudzera m'khonsoloyo mawu awo amafika kwa oyendetsa kampani. Pansi pa khonsolo pali makomiti oona za makina, za kayendedwe ka sitima, za malonda ndi zina. Dongosololi limachedwetsa zinthu, ndipo pamene pali anthu okonda chinthu chimodzi ndi mtima wonse mikangano sisowa, ngakhale pa utoto wopaka mutu wa sitima. Komabe ubwino wake ndi woonekeratu: Rolt anasiya udindo woyang'anira njanji patangotha nyengo ziwiri, mu 1952, anamwalira mu 1974, ndipo sitima sinaime.

Zaka zoyambirira zinali zowawa. Mu 1951 mutu wa Dolgoch wokha ndi umene unkayenda, pa njanji yokwiririka mu udzu, mitanda yake yambiri itaola. Bungwe linagula kwa British Railways, yomwe inkayendetsa njanji za boma, mitu iwiri ya njanji ya Corris, yomwe inatsekedwa mu 1948 ndipo inali ndi mpata wofanana, pamtengo wa mapaundi 25 umodzi. Umodzi anautcha Sir Haydn, wina Edward Thomas, dzina la mkulu yemwe anayendetsa njanjiyi zaka zambiri m'nthawi ya Haydn Jones. Sir Haydn ankangoguluka pa njanji mpaka anayamba wauimika kaye. Kampani ya Hunslet ya ku Leeds inakonza Edward Thomas ulere, asilikali a Territorial Army anathandiza kuyala njanji mwatsopano, ndipo wailesi ya kanema ya BBC itaonetsa sitimayi mu 1957, okwera anachuluka. Mu 1976 anatsegula gawo la kuchoka ku Abergynolwyn kukafika ku Nant Gwernol, lomwe kale linkadutsa miyala yokha. Mu 1991 amisiri a njanjiyi, pa malo awo okonzera makina a Pendre, anamaliza kumanga mutu wa nambala 7 n'kuutcha Tom Rolt.

Munthu akamva zoti oyendetsa sitima ndi ongodzipereka angaganize kuti aliyense wofuna amangokwera n'kuliza wenzulo. Ayi ndithu. Pamaso pa lamulo iyi ndi njanji ngati ina iliyonse yonyamula anthu. Bungwe la boma la Office of Rail and Road lili ndi mphamvu zoiyendera, kulamula kuti zolakwika zikonzedwe, ngakhale kuimitsa sitima. Ngozi ikachitika pa njanji za mtundu uwu, ofufuza a Rail Accident Investigation Branch ali ndi ufulu wobwera. Lamulo loletsa kugwira ntchito utamwa mowa limamanga wodzipereka chimodzimodzi ndi wolembedwa ntchito.

N'chifukwa chake wofuna kudzakhala dalaivala amayamba ndi sanza m'manja. Ntchito yake yoyamba ndi kupukuta mutu wa sitima, kuchotsa phulusa ndi kuyatsa moto mbandakucha, poti madzi a m'boyila amatenga maola angapo kuti atulutse nthunzi yokwanira kukoka mabogi. Akaidziwa bwino makinawo ndi kukhoza mayeso a malamulo a njanji, amakwezedwa kukhala wosonkheza moto. Iyi ndiyo ntchito yomwe alendo saimvetsa. Si nkhani yongoponya malasha ndi fosholo. Moto uyenera kuyalidwa mofanana, uyenera kukolezedwa sitima isanafike pachitunda osati itafika kale, ndipo diso lisachoke pa kagalasi koonetsa kuchuluka kwa madzi. Madzi akatsika mpaka denga la ng'anjo n'kukhala pamtunda, chitsulo chimafewa, ndipo boyila ikhoza kuphulika. Kuchoka pa kupukuta kufika pa udalaivala pamadutsa zaka, ndipo ngakhale wafika, munthu amayesedwabe nthawi ndi nthawi, pa malamulo ndi pa thanzi lomwe. Njira yonga yomweyi ilipo kwa magadi, omwe ndiwo amalamula kuti sitima inyamuke, ndi kwa oyang'anira masiginolo. Ena safuna n'komwe kuyandikira moto: amagulitsa matikiti, amasadza tchire m'mbali mwa njanji, amapenta mabogi, kapena amalandira alendo m'nyumba yosungiramo zakale ya Narrow Gauge Railway Museum pa Wharf. Pali kagulu ka antchito olipidwa, makamaka amisiri, a mu ofesi ndi a kumalo odyera, koma popanda odziperekawo sitima sizikanayenda. Mmodzi wa iwo, yemwe anayamba ugadi mu 1952, anali m'busa Wilbert Awdry, mlembi wa nthano za ana za Thomas the Tank Engine, ndipo njanji ya Skarloey ya m'mabuku ake anaitengera pa ino.

Njanjiyi ndi ya mzere umodzi, ndipo mzere umodzi uli ngati ulalo wa mtengo umodzi: awiri sangapatukirane pakati. Pofuna kuti sitima ziwiri zisakumane, njanji inagawidwa m'zigawo, ndipo malire a zigawozo ali pa malo opatukirana monga Brynglas ndi Quarry Siding. Dalaivala saloledwa kulowa m'chigawo asanalandire m'manja kiyi wachitsulo wa chigawo chimenecho. Makiyiwo amakhala m'makina awiri olumikizidwa ndi waya, amodzi mbali iyi ena mbali inayo, ndipo kiyi mmodzi akatuluka makinawo amakana kutulutsa wina mpaka woyambayo atabwezedwa. Nzeruyi ndi ya m'zaka za m'ma 1800, koma ikugwirabe ntchito chifukwa sidalira kuti munthu akumbukire.

Boyila iliyonse imayenderedwa chaka ndi chaka ndi katswiri wochokera kunja kwa kampani, ndipo pakatha zaka pafupifupi 10 mutu wonse umaphwasulidwa kuti boyilayo ionedwe mkati ndi kunja. Apa ndi pamene pamathera ndalama. Zitsulo za makina a mu 1866 sizigulitsidwa m'sitolo; zimachita kusulidwa chimodzichimodzi. Kuonjezera apo pali mlatho wa njerwa wa Dolgoch, mitanda ya njanji, inshuwalansi ndi malipiro. Ndalama za matikiti pazokha sizikwanira, ndipo zambiri zimabwera m'miyezi yotentha pomwe alendo amadzadza Wales. Nyengo yozizira sitima zimachepa ndipo ndiyo nthawi yokonza njanji. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi sitolo, malo odyera, zopereka za mamembala, chuma chomwe anthu ena amasiyira njanji m'mawilo awo, ndi thandizo la mabungwe. Thumba la lotale ya dziko lothandiza zachikhalidwe linaikapo ndalama pa nyumba yatsopano ya pa Wharf, yomwe inatsegulidwa mu 2005. Palinso dongosolo la msonkho la Gift Aid: munthu wokhoma msonkho ku Britain akapereka paundi imodzi ku bungwe lachifundo, boma limaonjezerapo mapeni 25.

Vuto lomwe Rolt sakanalilota ndi la malasha. Wales anali dziko la migodi ya malasha, ndipo malasha ake ankatamandidwa kuti ndi abwino kwa sitima chifukwa satulutsa utsi wambiri. Mgodi wa Ffos-y-fran, pafupi ndi Merthyr Tydfil, womwe njanji zambiri zakale zinkadalira, unatsekedwa mu 2023. Tsopano njanjizi zikuitanitsa malasha kunja pamtengo wokwera, kwinaku zikuyesa mitundu ina ya zoyatsira. Vuto lina ndi la anthu: omwe anagwirapo ntchito pa sitima za malasha za British Railways, zomwe zinasiya kuyenda mu 1968, akutha, ndipo luso lawo silikhala m'buku lokha. Ichi n'chifukwa chake njanji ya Talyllyn ili ndi magulu a achinyamata ndi a mabanja obwera ndi ana, kuti ophunzira asasowe.

Chitsanzo cha ku Tywyn chinafalikira msanga. Njanji ya Ffestiniog, kumpoto kwa Wales komweko, inatsegulidwanso mu 1955, ya Bluebell ku England mu 1960, ndipo lero Britain ili ndi njanji zotere zoposa 100. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika dera la migodi ya sileti la kumpoto chakumadzulo kwa Wales pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo njanji ya Talyllyn, mudzi wa Abergynolwyn ndi mgodi wa Bryn Eglwys zili momwemo.

Ife kuno tinasankha njira ina yosungira. Mutu wa sitima ya malasha womwe uli panja pa nyumba ya zakale ya Chichiri ku Blantyre ndi woti anthu aziuona, osati kuukwera, ndipo kusunga kotero n'kotsika mtengo kwambiri. Gulu lililonse lomwe lingafune kuti makina otere ayendenso lidziwe kuti kukonza boyila si koyambira. Liyambe lalemba papepala kuti mwini katunduyo ndi ndani, adzayankhe kuboma ndi ndani, ndipo atsogoleri azidzasankhidwa ndi kuchotsedwa motani, monga anachitira a ku Talyllyn mu February 1951, miyezi itatu sitima yawo yoyamba isananyamuke.