Anamapopa, katemera ndi nambala ya chilombo

Kuno ku Lifidzi, m'dziko la Mozambique, kumene mishoni ya ansembe a Chijezuwiti yakhala zaka zoposa 100, mphekesera zimadutsa malire a Malawi msanga kuposa matumba a mbatata. Ndimazimva pamaliro, mwinanso panja pa tchalitchi Misa itangotha.

Mu 2017 nkhani ya anamapopa inavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu anaphedwa, mpaka a United Nations anachotsako antchito awo. Chakumapeto kwa 2002 ansembe a Katolika ndiwo anamenyedwa kumwera kwa Malawi powaganizira zopopa magazi zomwezo. Katemera wa Covid-19 atafika mu 2021, alaliki ena anati ndi 666, nambala ya chilombo ya m'buku la Chivumbulutso.

Ine ndimaona chonchi: wopemphera anazolowera kuti kuseri kwa zooneka kuli dzanja losaoneka, ndipo mphekesera imalowera pomwepo. Namwino akatenga magazi m'kabotolo, n'kulembapo nambala, osanena kumene akupita nawo, mayi amabwerera kumudzi ndi funso. Amakafunsa abusa, poti iwowo amamvetsera, amayankhanso, kaya akudziwa kaya sakudziwa.