Galimoto ya mabwana ukaigula yakale

Dzinja likafika, msewu wakumudzi kwathu n'kusanduka phala, sindidandaula kuti ndinagula Toyota Land Cruiser Prado yoyendapo kale. Pomwe timagalimoto ting'onoting'ono timatitimira, iyo imangodutsa, matayala onse anayi akukoka, mimba yake ili kutali ndi miyala. Matumba a chimanga kumbuyo, ana ndi agogo awo pamipando, ulendo. Kungoti achibale akaiona, maliro aliwonse yonyamula anthu imakhala yomweyo.

Mtengo umene mumaona pa intaneti ku Japan ndi chiyambi chabe. Galimoto ikatsika padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, a MRA amawerengera msonkho poyang'ana zaka zake ndi kukula kwa injini, ndiye yaikulu komanso yokalamba imalipitsa kwambiri. Kenako pali mafuta. Land Cruiser 200 ya V8, ya malita 4.5, dizilo imachita kupapira, ndipo mafuta akasowa mwini wake amagona pamzere ngati wina aliyense.

Chimene chimaliritsa ambiri ndi zipangizo zapamwamba za magalimoto otere. Mwachitsanzo, Range Rover imakhazikika pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Thumba likabooka, m'mawa mumaipeza itagwada. Makaniko wa pansi pa mtengo sangaigwire popanda kompyuta, ndipo sipeya amachita kuitanitsa kunja, ndalama zakunja zikusowa chonchi.

Musanalipire, gonani pansi muyang'ane dzimbiri pa chasisi, makamaka ngati inachokera ku Britain, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu.