Kodi Mahedifoni Abwino Tiwadziwa Bwanji?

Sabata latha kunabuka mkangano m'nyumba yathu yogona. Anyamata awiri anamvera nyimbo imodzi pa mahedifoni amodzi, aja olowetsa m'khutu. Wina anati akukoma ndithu, mnzake anati akungolira ngati chitini. Ine ndifuna kuonetsa kuti onse awiri sananame.

M'kati mwa mahedifoni ambiri muli maginito, kawaya kokulungakulunga ndi kanembanemba. Magetsi akadutsa m'kawayamo, kanembanemba kamanjenjemera ndi kukankha mpweya, mpweyawo nugunda ng'oma ya khutu. Kunjenjemera kumodzi pa sekondi amati Hertz imodzi. Khutu la mwana limamva kuyambira 20 kufikira pafupifupi 20,000 Hertz. Manambala amenewa ndiwo timawaona pa makatoni, koma satithandiza kwenikweni, pakuti sanena ngati mawu a besi ndi mawu ang'ono akutuluka ndi mphamvu yoyenera.

Tsono akatswiri amayesa mwa njira ina. Amalowetsa hedifoni m'khutu lochita kupanga lokhala ndi maikolofoni, najambula mzere woonetsa mphamvu ya liwu lililonse. Kodi mzere wowongoka ndiwo wabwino? Iyayi. Njira ya m'khutu ndi yotalika masentimita awiri ndi theka, ndipo monga botolo lilira munthu akaliuzira, nayonso imakweza mawu a pafupi ndi 3,000 Hertz. Tikaitseka ndi hedifoni, kukweza kuja kumatayika, ndipo opanga ayenera kukubwezera. Apo ayi, woimba amveka ngati wafunda bulangete kumutu. Sean Olive ndi anzake a kampani ya Harman ku America anayesa anthu ambiri, ndipo mu 2017 anatulutsa mzere umene ochuluka anaukonda: wokwera pafupi ndi 3,000 Hertz, ndi besi yoonjezera.

Koma khutu lochita kupanga si khutu lanu. Besi imafuna kuti kamphira ka kunsonga katseke bwino, osasiya mpata. Mpweya ukangopeza potulukira, besi yonse yathawa. Ndicho chinachitika kwa mnzathu wa chitini uja: njira ya m'khutu mwake ndi yaikulu, kamphirako nkakang'ono. Atasintha kamphira, mkangano unathera pomwepo.

Chotero anzanga, musanataye mahedifoni kapena ndalama zimene makolo anavutikira, yambani mwayesa timphira tonse tobwera m'katoni. Kamphira kotseka bwino kali ndi phindu linanso: kamachepetsa phokoso la kunja, ndipo simusowa kukweza nyimbo kwambiri. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza kuti pa mphamvu ya madesibelo 80 munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata, ndipo akakweza koposa apo maolawo achepe. Hedifoni ikafa mugula ina, koma timaselo ta m'khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso.

Wophunzira wa Fomu 4