Kuchoka pa 1G kufika pa 5G: liwiro likukwera, nanga akutsalira ndani?

Pamwamba pa sikirini ya foni yanu pamaoneka 3G, 4G kapena 5G. Chilembo G chimaimira m'badwo, ndipo pafupifupi zaka khumi zilizonse kumabwera m'badwo watsopano wa netiweki.

M'badwo woyamba udayambira mumzinda wa Tokyo ku Japan m'chaka cha 1979 ndipo unkanyamula mawu okha. Mu 1991, ku Finland kudayamba GSM, yomwe ndi 2G. Mawu adayamba kutumizidwa ngati manambala, ndipo SIM khadi ndi mauthenga a SMS zidafala. Mu 2001 dziko la Japan lidatsegula 3G yomwe idachititsa intaneti ya pafoni kukhala yodalirika. Kenako 4G idayamba ku Stockholm ndi Oslo mu 2009, n'kupeputsa kuonera kanema pafoni. Ku South Korea 5G idayamba mu 2019, pamene bungwe la ITU likuyembekezera 6G cha m'ma 2030.

Liwiro lonseli limadalira mafunde a wailesi, amene kuno kwathu amagawidwa ndi bungwe la MACRA. Mafunde apamwamba, omwe 5G imadalira kuti ithamange kwambiri, amanyamula zambiri koma safika patali ndipo amavutika kudutsa makoma. Choncho pamafunika nsanja zambiri zoyandikana, magetsi osathimathima komanso mawaya a faiba olumikiza nsanjazo. N'chifukwa chake makampani amayambira m'mizinda, momwe makasitomala ndi ochuluka.

Wogwiritsa ntchito naye amalipira, pakuti foni ya 3G siingagwire 5G ngakhale nsanja itakhala kuseri kwa nyumba. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mafunde ndi ochepa, kotero kampani ikafuna malo a netiweki yatsopano imaganiza zothimitsa yakale. Ku America makampani akuluakulu adathimitsa 3G mu 2022.

Ku Malawi chiganizo chotere chingakhudze anthu ambiri. Foni ya mabatani imene mayi kumudzi amalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba nthawi zambiri imayendera 2G. Netiwekiyo itathimitsidwa mafoni atsopano asadatsike mtengo, mwana wa m'tauni angasowe njira yotumizira makolo ake ndalama ya feteleza.

Pogula foni, yang'anani mibadwo imene imagwira, ndipo funsani ngati dera lanu lili ndi netiwekiyo.