Kuthamanga kwa Magazi ndi Covid-19: Mankhwala Asalekedwe

Pamene mliri wa Covid-19 unafika m'Malaŵi mu April 2020, madokotala a maiko ena anali ataona kale kuti okalamba ndi anthu odwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi ndiwo ankadwala mwakayakaya. Chaka chomwecho panabuka mantha akuti mankhwala onga enalapril amatsegulira kachilomboko khomo m'thupi. Koma ofufuza atapima odwala ambiri, anapeza kuti mankhwalawo sakulitsa Covid-19. Choopsa ndicho kuwaleka, pakuti magazi akamathamanga kosaletseka amaononga mtima ndi impso, nadzetsa kufa kwa ziwalo. Chotero wodwala wa kumapiri a Mafinga, ngakhale chipatala cha Chitipa chitalike, anyamuke mapiritsi asanathe, achepetse mchere m'ndiwo, ndipo azikapimitsa kaŵirikaŵiri, popeza nthendayi imakula mwakachetechete.